Za Milongoti ya Wailesi, ndi za Radar Imene Ipenya mu Mdima

 Andipempha kuti ndilankhule kanthawi za chinthu chimene tikhala nacho m'nyumba zathu masiku onse, koma ambiri a ife sitinafunse konse mayendedwe ache, ndicho wailesi. Ndiponso za mbale wache wochedwa radar, amene atsogolera ndege ndi ngalawa. Makolo athu pofuna kufikitsa mau kumene pakamwa sipafika anali kuomba ng'oma, ndipo pambuyo pache panadza belu. Koma ng'oma ndi belu zilekeza pa mtunda waufupi, ndipo mphepo ikatembenuka sizimveka konse. Nanga tsono mau a munthu wokhala ku Lusaka kapena ku London afika bwanji m'kabokosi kali pakhonde pathu, popanda chingwe, popanda mthenga?

Choyamba tiyenera kudziwa za mafunde. Mukaponya mwala m'dziwe, muona mafunde alikufalikira mozungulira kufikira ku gombe. Koma tsamba loyandama pamadzipo silimka nawo, lingokwera ndi kutsika pamalo pache. Chimene chiyenda si madzi iai, koma kugwedezeka kwa madzi. Mau athu ayenda chomwecho m'mpweya, ndipo liwiro lache ndi mamita 340 pa sekondi imodzi. Ndicho chifukwa chache tiona mphezi, ndipo bingu tilimva pambuyo. Mukawerenga masekondi 3 pakati pa ziwirizi, dziwani kuti mphezi yagwa pa mtunda wa kilomita imodzi. Mafunde a wailesi ndi a mtundu wina. Iwo ndi kugwedezeka kwa mphamvu ya magetsi pamodzi ndi mphamvu ya maginito, ndipo ali pachibale ndi kuunika kwa dzuwa, kungoti maso athu sakhoza kuwaona. Safuna mpweya kuti uwanyamule. Athamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, ndiko kunena kuti pa kuphethira kumodzi kwa diso akhoza kuzungulira dziko lonse lapansi ndi kubwereza.

Woyamba kuzindikira kuti mafunde otere alipo anali James Clerk Maxwell, mbadwa ya ku Edinburgh ku Scotland. Iyeyu sanawaone, sanawamvenso. Anawapeza ndi masamu okha, nalemba za iwo m'chaka cha 1865, nanena kuti ayenera kuthamanga monga kuunika. Anamwalira mu 1879 chitsimikizo chisanaoneke. M'zaka za 1887 ndi 1888 mphunzitsi wina wa ku Germany, Heinrich Hertz, ali ku Karlsruhe, anaika timipira tiwiri tachitsulo moyandikana, nathethetsa moto wa magetsi pakati pa ito. Kutsidya kwa chipinda anaika waya wopinda ngati chibangiri, wokhala ndi kampata kakang'ono. Ndipo taonani, pa kampatako panaoneka kamoto kena, ngakhale panalibe chingwe cholumikiza ziwirizo. Anaonanso kuti mafundewo akagunda chitsulo chophwatalala abwerera. Musunge mau amenewa, pakuti radar yense agona pamenepo.

Chachiwiri, eriyo itumiza bwanji mafunde? M'chitsulo chiri chonse muli tinthu ta magetsi tating'onong'ono tochedwa maelekitironi. Magetsi akayenda modekha njira imodzi, monga achitira m'tochi, mphamvu yache ikhala pafupi ndi waya. Koma makina a ku nyumba youlutsira mau akankha tinthuto kumka ku nsonga imodzi ya chitsulo, natibweza ku nsonga inzache, kumka ndi kubwera, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Pamenepo mphamvu ina ithothoka ku chitsulocho nifalikira m'mlengalenga, monga mafunde achoka pa ndodo imene mwana alikuviika ndi kuvuula m'madzi. Mafundewo akafika pa eriyo ya wailesi yanu, agwedeza tinthu ta magetsi ta m'menemo ndi mayendedwe omwewo, koma mofooka kwambiri, kotero kuti khutu silikadamva kanthu. Nchito ya mabatire ndiyo kukulitsa kanthu kofookako. Chotero mau achokera kutali, koma mphamvu yowakweza ndi yanu. Batire likatha, mafunde afikabe pa eriyo, koma palibe wowadzutsa.

Wina adzafunsa kuti, popeza nyumba zoulutsira mau ziri zambiri, ndipo mafunde a zonsezo agwa pa eriyo imodzi, bwanji sitimva phokoso losokonezeka? Oimba bangwe adziwa yankho. Mukamanga nsambo ziwiri mofanana, nimukhudza imodzi, inzache injenjemera yokha, pamene zina zonse zikhala chete. Nyumba iri yonse youlutsira mau iri ndi kagwedezedwe kachekache, ndipo pamene mupotokola kachitsulo kosankhira, muli kumanga nsambo ya m'wailesi yanu kuti ivomere nyumba imodzi yokha. Manambala olembedwa pa wailesi anena za kagwedezedwe kameneka, ndipo muyeso wache auchula hertz, kukumbukira mphunzitsi uja wa ku Karlsruhe.

Chachitatu ndi kutalika kwa eriyo. Pa kalimba, kachitsulo kakatali kalira mau akulu, kakafupi kalira mau ang'ono. Eriyonso iyenera kulingana ndi mafunde ache. Tiyeni tiwerenge monga m'sukulu. Pa FM, nambala ya 100 itanthauza kuti magetsi agwedezeka ka 100,000,000 pa sekondi. Gawani mamita 300,000,000, amene mafunde ayenda pa sekondi, ndi nambala imeneyo, mupeza kuti funde limodzi litalika mamita 3. Eriyo igwira bwino ikakhala theka la funde, kapena gawo limodzi la magawo anai. Apa ndiwo masentimita 75, ndiko kutalika kwa kandodo kamene musolola pa wailesi. Koma pa mafunde apakati, amene ambiri awachula MW, nambala ya 1,000 itanthauza ka 1,000,000 pa sekondi. Funde litalika mamita 300, ndipo gawo lachinai ndi mamita 75. Chifukwa chache nyumba zotere zimanga milongoti yaitali yomangika ndi zingwe, ndipo mlongoti wonsewo ndiwo eriyo. Lamya ya m'manja igwira mafunde ogwedezeka ka 900,000,000 pa sekondi kapena kuposa. Funde lache ndi masentimita 33, ndipo eriyo yache, yofupika ngati chala, ibisika m'kati.

Pa madenga ena muona eriyo yonga minga ya nsomba. Imeneyo anaipanga Shintaro Uda ndi Hidetsugu Yagi ku Japan mu 1926. Mwa tizitsulo tonseto kamodzi kokha ndiko kolumikizika ku waya. Kakatali ka kumbuyo kabweza mafunde, ndipo tatifupi ta kutsogolo tiwalondolera. Ndicho chifukwa chache iyenera kuloza kumene kuli mlongoti, ndipo mphepo ikaitembenuza zithunzi zisowa. Mbale yachitsulo ija tiicha dishi isonkhanitsa mafunde pamalo amodzi, monga lichita galasi la m'tochi, pakuti mafunde ache achokera ku setilaiti yokhala makilomita 36,000 kumwamba, nafika ali ofooka ndithu.

Mau a munthu akwera pa mafunde ameneŵa monga katundu pa bulu, ndipo njira zomangira katunduyo ziri ziwiri. Pa njira yakale, ya AM, mafunde akula ndi kuchepa potsata mau. Pa njira ya FM, imene Edwin Armstrong wa ku America anailembetsa mu 1933, kukula kwa mafunde sikusintha, koma afulumira pang'ono ndi kuchedwa pang'ono potsata mau. Mphezi nayonso itumiza mafunde, ndipo iwo asokoneza kukula kwa mafunde ena. Chotero nyengo ya dzinja AM ithetheka, pamene FM imveka mbee.

Chachinai, mafunde afika bwanji kutali, popeza dziko liri lobulungira ndipo iwo akonda kuyenda molunjika? Guglielmo Marconi, mnyamata wa ku Italy, anayamba kuyesa zimenezi kwao pafupi ndi Bologna mu 1895, napita ku England mu 1896. Anamanga nyumba yotumizira ku Poldhu, ku Cornwall, ndipo iye mwini anaoloka nyanja kumka ku St John's, ku Newfoundland, mtunda woposa makilomita 3,000. Kumeneko anakweza waya wache m'mwamba ndi kaiti. Ndipo pa 12 December 1901 analengeza kuti wamva tizikhokho titatu, ndito chizindikiro cha chilembo S. Anzeru ambiri anazizwa. Mu 1902 Arthur Kennelly ndi Oliver Heaviside, yense payekha, ananena kuti kumwamba kuyenera kukhala mpweya wina wobweza mafunde, ndipo mu 1924 Edward Appleton anatsimikiza kuti ulipodi, pa msinkhu wa makilomita ngati 100. Dzuwa ndilo liutsa magetsi m'mpweya umenewo, ndipo ukhala ngati denga: mafunde aligunda, nabwerera pansi kutali.

Apa pali yankho la chinthu chimene akulu anachiona kale, kuti usiku wailesi igwira maiko akutali amene usana samveka. Usana, pansi pa denga lija pakhala mpweya wina umene umeza mafunde apakati. Dzuwa likalowa mpweyawo uleka kumeza, ndipo mafunde afika pa denga nabwerera. Koma mafunde a FM aboola dengalo napitirira, osabwerera; afika pokhapo pamene mlongoti upenya. Chifukwa chache milongoti yache aimanga pamwamba pa mapiri, monga pa Dedza ndi pa Zomba, ndipo mudzi wokhala kuseri kwa phiri umva movutika, ngakhale wailesi iri yatsopano.

Kuno kwathu wailesi inafika m'midzi ndi mafunde aafupi, amene aligunda bwino denga lija. Ku Lusaka kunali nyumba youlutsira mau yochedwa Central African Broadcasting Station, imene inali kulankhula m'Chinyanja ndi m'zinenero zina kwa anthu a maiko atatu amene lero ndi Zambia, Zimbabwe ndi Malawi. Koma mawailesi anali a mtengo wapatali. Harry Franklin, amene anali kuyang'anira nchitoyo, anafunafuna womupangira yotsika mtengo, ndipo kampani ya Ever Ready ku Britain inavomera. Mu 1949 inatuluka wailesi yoikidwa m'chigoba chonga sefuliya, yochedwa Saucepan Special, ya mapaundi 5. Pamene dziko lathu linalandira ufulu mu 1964, linakhazikitsa nyumba yacheyache, Malawi Broadcasting Corporation.

Chachisanu ndi radar. Abusa a ng'ombe adziwa kuti ukapfuula moyang'ana thanthwe, mau ako abwerera, ndipo thanthwe likakhala kutali achedwa kubwerera. Mleme uuluka mu mdima wa ndiweyani osagunda mtengo, pakuti ulira timau tosamveka kwa ife, numvera kubwerera kwache. Radar achita chomwecho ndi mafunde a wailesi. Atumiza kafunde kamphamvu kakafupi, nakhala chete kumvera. Kakagunda ndege kapena ngalawa, kagawo kache kabwerera, ndipo makina ayesa nthawi imene yapita. Tinene kuti kabwerera patapita gawo limodzi la magawo 1,000 a sekondi. Pa nthawi imeneyo mafunde ayenda makilomita 300, kumka ndi kubwera. Chotero ndegeyo iri pa makilomita 150. Eriyo yache izungulirazungulira, ndipo kumene inaloza pamene kafunde kanabwerera ndiko kuli ndegeyo. Liwiro nalonso lidziwika. Munamva kuti hutala ya galimoto ikwera mau pamene irikudza, nitsika pamene yapitirira; mafunde obwerera asintha chomwecho, ndipo ndi nzeru imeneyi apolisi ayesa liwiro la magalimoto pa mseu.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo nchitoyi inadutsa m'manja ambiri. Mu 1904 Christian Hülsmeyer anaonetsa ku Cologne, pa mtsinje wa Rhine, makina amene anali kuliza belu ngalawa ikamadutsa, kuti ngalawa zisagundane m'nkhungu. Koma akulu a nthawi imeneyo sanawasamale. Mu 1935 boma la Britain linafunsa Robert Watson-Watt, wa ku Scotland, ngati mafunde akhoza kupha woyendetsa ndege ya adani. Mthandizi wache Arnold Wilkins anawerenga, napeza kuti sikutheka, koma kuti mafunde akhoza kuulula pamene pali ndegeyo. Pa 26 February 1935 anayesa pafupi ndi Daventry, pogwiritsa nchito mafunde a BBC, ndipo ndege inaoneka pa makina ao iri pa makilomita ngati 13. Pamenepo anamanga milongoti m'mbali mwa nyanja, yochedwa Chain Home, ina yache yotalika mamita 110. Ndipo pa nkhondo ya m'mlengalenga ya 1940 milongotiyo inali kuona ndege za Germany zisanaoloke nyanja. Chaka chomwecho John Randall ndi Harry Boot ku Birmingham anapanga kachipangizo kochedwa magnetron, kotulutsa mafunde aafupi kwambiri ndi amphamvu, kotero kuti radar anachepa nakwana m'ndege. Pa 10 January 1946 asilikari a America analozetsa radar ku mwezi, ndipo mafunde anabwerera patapita masekondi awiri ndi theka. Ana a sukulu ayese okha masamuwo, adzapeza kuti mwezi uli pa makilomita ngati 375,000. Lero radar atsogolera ndege pa mabwalo akulu, asunga ngalawa usiku, ndiponso aona madontho a mvula m'mitambo, nauza anthu a zanyengo kumene chimvula chirikumka.

Tsono, abale, ndifika pa mau amene ndifuna kuti mupite nawo kwanu. Makina onsewa athera pa khutu la munthu, ndipo khutulo likagona, milongoti yonse iri chabe. Usiku wa 14 April 1912 ngalawa yaikulu Titanic inagunda phiri la madzi oundana pa nyanja ya Atlantic, ndipo anyamata ache a wailesi anaitana thandizo. Ngalawa ina, Carpathia, inamva, nithamanga, nifika mbandakucha, nipulumutsa anthu oposa 700. Koma panali ngalawa yachitatu, Californian, imene inali pafupi koposa. Iyo inali ndi munthu mmodzi yekha wa wailesi, ndipo atagwira nchito tsiku lonse anali atakagona. Anthu ngati 1,500 anafa. Pambuyo pache maiko anaika lamulo lakuti pa ngalawa zazikulu zonyamula anthu pazikhala womvera usana ndi usiku.

Ndiponso m'mawa wa 7 December 1941, pa chisumbu cha Oahu ku Hawaii, asilikari awiri okhala pa radar anaona khamu la ndege lirikudza, liri pa mtunda woposa makilomita 200, nauza wamkulu amene anali pa nchito. Iye anayesa kuti ndi ndege za kwao zimene anali kuziyembekeza tsiku lomwelo, nawauza kuti asade nkhawa. Lisanathe ora ndege za Japan zinagwetsa mabomba pa Pearl Harbor, ndipo anafa anthu oposa 2,400. Makina sananame, anaona bwino, nanena nthawi ikalipo.

Zoterezi siziri za kutsidya kwa nyanja kokha. Mu 2023 namondwe wochedwa Freddy anayenda pa nyanja ya India koposa mwezi wathunthu, masetilaiti alikumpenya tsiku ndi tsiku, kufikira anagwa pa chigawo cha kumwera kwa Malawi m'mwezi wa March. Mapiri anagumuka ku Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Machenjezo anaulutsidwa. Koma funde lifika pa eriyo, silifika pa nkhalamba yopanda wailesi, kapena pa mai amene mabatire anamthera. Ndipo wina angamve, koma akasowa kothawira akhala pomwepo. Mtunda wotsala, wochokera pa wailesi kufika pa khomo la mnansi, auyenda ndi miyendo ya anthu.

Chifukwa chache ndikupemphani inu aphunzitsi ndi akulu, amene anthu akumverani, zinthu izi. Dzinja likayandikira, pa mudzi pasasowe wailesi imodzi ya mabatire amoyo, ndi munthu wodziwika woimvera. Mukamva chenjezo la chimvula kapena la madzi osefukira, musati nkhaniyi ndi ya boma. Imbani belu, ombani ng'oma, tumani anyamata ku nyumba za okalamba ndi odwala. Panganani mvula isanagwe za malo okwera, otalikira mitsinje ndi matsitso a mapiri, kumene anthu adzasonkhana. Ndipo pokweza eriyo pa nsungwi, muitalikitse ku mawaya a magetsi. Mitambo ya mphezi ikayamba kuchita bii, muchotse waya wache ku wailesi mvula isanafike, pakuti chitsulo chokwera m'mwamba ndi njira ya mphezi yolowera m'nyumba.

Akulu anati wosamva anamva nkhwangwa iri m'mutu. Ife tapatsidwa makutu akumva kutsidya kwa nyanja, ndi maso akupenya mu mdima ndi m'mitambo, zimene makolo athu sanazilote. Chotsalira kwa ife ndicho kumva nthawi ikalipo, ndi kuuza mnzathu. Mau anga athera pompa.